Mafunso anu: anyamata a baseball omwe amakhalira kukwera ndi kutsika

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani ya baseball ya ku America, makamaka za anyamata aja amaima kutali kumapeto kwa bwalo kudikira mipira yam'mwamba, omwe amatchedwa ma outfielder. Ndasankhapo angapo, ena ndawafupikitsa chifukwa cha malo.

*Achimwene, ine mpira wamiyendo ndimautsata bwinobwino koma baseball ndangoyamba kumene kuonera pa foni. Nde ndinamva kuti wosewera wina watsitsidwa ku minor league, patangopita masabata awiri ndikumuonanso ali mu timu yomwe ija. Kodi timu yonse inatuluka mu ligi n'kubwereranso, kapena zimayenda bwanji?*
Wongoyamba kumene

Ayi amwene, kumeneko timu situluka mu ligi olo italuza magemu 100 pa sizoni. Amene amatsika ndi kukwera ndi munthu payekha. Ligi yaikulu, Major League Baseball, ili ndi matimu 30, 29 ku United States ndi imodzi ku Toronto m'dziko la Canada, ndipo timu iliyonse ili ndi matimu ake ang'onoang'ono pansi pake, omwe amatchedwa minor league, ngati masitepe: Single-A, High-A, Double-A kenako Triple-A yomwe ndi sitepe yomaliza. Kuyambira 2021 matimu amenewa alipo 120, osawerengera a ana ongolembedwa kumene omwe amasewera ku Arizona, ku Florida ndi ku Dominican Republic. Mwachitsanzo Triple-A ya Colorado Rockies ili ku Albuquerque, ya Los Angeles Dodgers ili ku Oklahoma City.

Nde vuto lili pa malo. Timu ya ligi yaikulu imaloledwa osewera 26 basi, ndipo 13 mwa amenewa amakhala oponya mpira. Pa 13 otsalawo muchotsepo awiri owakha kumbuyo kwa womenya, muchotsenso osewera mkati mwa bwalo, ma outfielder amatsala anayi kapena asanu, ndipo olowa m'bwalo ndi atatu, wina kumanzere, wina pakati, wina kumanja. Wapakati amafunika waliwiro chifukwa dera lake ndi lalikulu, mpanda umakhala mamita pafupifupi 120 kuchokera pomenyera. Wakumanja amafunika mkono wamphamvu poti mpira wake wopita ku base yachitatu (ma base ndi malo omwe womenya amathamangira motsatana asanabwerere kunyumba, pomwe anamenyera, kukagoletsa) umayenda mtunda wautali. Mukawerengetsa, malo oyamba gemu alipo 90 okha mu ligi yonse, ndipo akuwalimbirana ndi anyamata a ku America, Dominican Republic, Venezuela, Cuba, Japan, Korea ndi kwina konse.

Koma sizoni ndi yaitali, magemu 162, pafupifupi tsiku lililonse kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa September, anthu amavulala. Wina akakokeka mnofu wa m'ntchafu kapena kudziwombetsa ku mpanda pothamangira mpira amaikidwa pa mndandanda wa ovulala kwa masiku osachepera 10, ndiye foni imalira ku Triple-A, mnyamata amalongedza usiku womwewo n'kukwera ndege mamawa. Mwini malo akachira iye amabwerera komwe anachokera, olo atasewera bwino chotani. Mwina ndi zomwe munaonazo.

*Akulu, mnzanga ananditumizira vidiyo ya wosewera wina wachikuda akulira pa foni akuuza mayi ake kuti waitanidwa ku ligi yaikulu, mayiwo naonso akulira. Inenso misozi inalengeza koma nkhani yake sindikuidziwa. Ndi ndani ameneyu, ndipo n'chifukwa chani analira chonchija ngati kuitanidwa ndi chinthu chochitika sabata iliyonse?*
Mayi wa ana atatu

Mayi, momwe mwafotokozeramu ameneyu ndi Wynton Bernard, ndipo ine vidiyo imeneyi ndaionera kambirimbiri, nthawi zonse imandigwira pakhosi. Analira chifukwa anadikira zaka 10 zathunthu.

Bernard anabadwira ku San Diego mu 1990. Mu 2012 timu ya kwawo, San Diego Padres, inamusankha pa draft, mwambo uja matimu amagawana anyamata ochokera ku sukulu, koma inamusankha mu raundi ya 35. Kuti mumvetse, masiku ano draft imathera pa raundi ya 20, kutanthauza kuti zikanakhala pano dzina lake silikanatchulidwa n'komwe. Munthu wa raundi ya 35 matimu samuyembekezera kanthu, amamulemba kuti anyamata omwe anawalipira ndalama zambiri akhale ndi anzawo osewera nawo. Padres inamutaya asanapite patali. Iye osagwa mphwayi anadzilipirira yekha ulendo wopita ku Florida komwe Detroit Tigers inkayesa aliyense wofuna, anamutenga, ndipo chaka chomwecho cha 2014 anasankhidwa wosewera bwino kuposa onse mu Midwest League, ligi ya matimu ang'onoang'ono. Mungaganize kuti basi njira yatseguka, koma ayi ndithu, anakwera mpaka Triple-A n'kukakamira pomwepo, kenako kudutsa m'matimu ang'onoang'ono a San Francisco Giants ndi Chicago Cubs, mpaka kukasewera ku Sugar Land ku Texas mu ligi yoima payokha yomwe inalibe timu yaikulu pamwamba pake, kumene ambiri amakathera.

Tangoganizani moyo umenewo. Chaka chilichonse mu February kapena March ukupita ku kampu, ukupeza anyamata a zaka 20 omwe timu yawaikira ndalama, iwe wa zaka 28, 29, 30 umadziwa kuti mukasewera mofanana atenga wamng'onoyo. Maulendo a pa basi usiku wonse, kugona anthu angapo m'nyumba imodzi, anzako omwe unayamba nawo ena ali pa TV ena anasiya kalekale ali pa ntchito zina ndi mabanja awo, ndipo aliyense wokufunira zabwino akukufunsa kuti usiya liti.

Mu 2022 ali ku Albuquerque ankamenya mpira moopsa, ndipo mu August Colorado Rockies inamuitana. Ndi pomwe anaimbira mayi ake foni ija, ndipo mukamvetsera bwino akuwakumbutsa momwe ankasamalira bambo ake pa nthawi yomwe ankadwala, bambowo anamwalira asanaone tsikuli. Pa 12 August 2022, ali ndi zaka 31, analowa m'bwalo la Coors Field ku Denver pa gemu yolimbana ndi Arizona Diamondbacks, anamenya mpira n'kufika pa base yoyamba, anaba base yachiwiri, kenako n'kufika kunyumba kugoletsa. Chaka chimenecho anasewera magemu 12 mu ligi yaikulu n'kubwezedwa ku Triple-A. Ena angati 12 okha pa zaka zonsezo, koma ine ndimaona kuti ambiri mwa anyamata osankhidwa pa draft safika olo tsiku limodzi, ndiye munthu wa raundi ya 35 kuponda pa Coors Field atavala yunifomu si nkhani yamasewera, misozi ija inali ndi chifukwa chake.

*Bambo, ndimaona mawu akuti "optioned" ndi "DFA" pa nkhani za matimu. Kodi ndi chinthu chimodzi? Komanso wosewera angakane kutsitsidwa?*
Wokonda kufunsa

Si chimodzi, ndipo kusiyana kwake ndi kumene kumalamulira moyo wa anyamatawa kuposa luso lawo nthawi zina. Kupatula mndandanda wa anthu 26 uja pali wina wa anthu 40, mmenemo muli 26 aja ndi ena omwe timu ikuwasunga pafupi. Munthu akalowa pa 40 amakhala ndi zaka zitatu za option, kutanthauza masizoni atatu omwe timu ingamutsitse ndi kumukweza osapempha aliyense. Kale pa sizoni imodzi ankatha kukuyendetsa kangapo konse momwe afunira, koma kuyambira 2022 malire ndi kasanu. Ukatsitsidwa uyenera kukhala kumeneko masiku osachepera 10 pokhapokha wina atavulala.

Ma option akatha nkhani imavuta. Timu siingakutsitse osakuika kaye pa ma waiver, pomwe matimu ena 29 amapatsidwa mpata wokutenga. DFA nde kuchotsedwa pa 40 paja, ndipo timu imakhala ndi masiku 7 oti ikugulitse, ikuike pa ma waiver kapena ikusiye. Masiku amenewo munthu amangokhala ku hotela kapena kunyumba foni ili m'manja, sakudziwa ngati mawa akhala ku Seattle kapena ku Miami, mkazi ndi ana ali mu nyumba ya lendi yomwe analipira kale. Chomwe chimandipweteka n'chakuti kawirikawiri amene amatsitsidwa si amene akusewera moipa, ndi amene ali ndi option, chifukwa timu ikuopa kutaya mnzake uja alibe. Woti angakane kutsitsidwa ndi amene wakwanitsa zaka zisanu mu ligi yaikulu, ndipo chaka chimodzi amawerenga masiku 172 uli pa mndandanda wa timu yaikulu, nde munthu wokwera n'kutsika angathe zaka zisanu ndi zitatu akusewera koma pa pepala ali ndi zaka ziwiri.

Palinso nkhani ya Rusney Castillo wa ku Cuba yomwe imaonetsa kuti ndalama zimatha kumutsekera munthu pansi. Boston Red Sox inamupatsa kontirakiti ya madola 72.5 miliyoni ya zaka zisanu ndi ziwiri mu 2014, sanayambe bwino, mu 2016 inamuchotsa pa 40. Ku Pawtucket, komwe kunali Triple-A yawo, anasewera bwino kwambiri mu 2017 ndi 2018 koma sanamukwezenso, chifukwa akanangomubwezera pa 40 malipiro ake akanayamba kuwerengedwa pa msonkho womwe matimu owononga ndalama zambiri amalipira ku ligi. Ndalama zake ankalandira zonse, koma zaka zake zabwino zinathera m'tauni yaing'ono ya ku Rhode Island, mtunda wa ola limodzi kuchokera ku Fenway Park, bwalo la Red Sox.

*Inu mukuwamvera chisoni anthu omwe amalandira mamiliyoni a madola? Ine sindikuona vuto lawo.*
Wosakhulupirira

Amwene, mamiliyoniwo alipo koma sali kwa anthu tikukamba pano. Mu 2024 malipiro otsikitsitsa mu ligi yaikulu anali madola 740,000 pa sizoni, koma amalipira potengera masiku omwe wakhala kumeneko, pafupifupi madola 4,000 pa tsiku. Ku Triple-A otsikitsitsa mu 2023 anaikidwa pa madola 35,800 pa chaka, nde muone, masiku 9 pamwamba anali ofanana ndi chaka chonse pansi. Omwe ali pa 40 kapena anakhalapo kale mu ligi yaikulu amalandira zoposa pamenepo akatsika, koma kusiyana kumakhalabe kwakukulu.

Ndipo 35,800 imeneyo ndi ya dzulodzuloli. Isanafike 2023 Triple-A inali madola 17,500, Double-A 13,800, Single-A 11,000 pa chaka, ku America komwe lendi ya kachipinda imadya zambiri mwa ndalama zimenezo, ndipo nthawi ya kampu sankalandira malipiro. Anyamata ankagona pa matiresi opopa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi m'nyumba imodzi, ena m'galimoto, sizoni ikatha n'kukagwira maganyu kuti apeze yodyera ndi yolipirira jimu. Mu 2018 nyumba ya malamulo ya ku America inachita kukhazikitsa lamulo lowachotsa pa chitetezo cha malipiro otsikitsitsa a boma, ndipo ine mpaka lero ndimaona kuti chimenecho chinali chinthu chochititsa manyazi pa masewera omwe amapanga mabiliyoni. Zinthu zinasintha osewera atakakamira okha, matimu anayamba kuwapatsa nyumba mu 2022, chaka chomwecho mlandu wa malipiro unatha ligi itavomera kupereka madola 185 miliyoni, ndipo mu September analowa m'bungwe la osewera.

China chomwe anyamatawa amawerenga pa kalendala ndi masiku 43. Ukakwanitsa masiku 43 mu ligi yaikulu umayamba kuyenerera penshoni, nde kwa munthu wa zaka 30 yemwe ali ndi masiku 35, sabata imodzi yokha ya mu September ndi nkhani ya ukalamba wake.

*Achimwene, ine ndimati munthu akakwezedwa kenako n'kubwezedwa ndiye kuti aona kuti alibe luso, basi watha. Mnzanga akutsutsa. Tiweruzeni.*
Awiri otsutsana

Mnzanuyo akunena zoona. Kumenya mpira wa ligi yaikulu ndi chinthu chovuta zedi, woponya ali mamita 18 okha ndipo mpira ukubwera pa liwiro loposa makilomita 150 pa ola, umafika theka la sekondi lisanathe, wina ukukhota wina ukugwa mwadzidzidzi. Womenya bwino katatu pa maulendo 10, zomwe amalemba .300, ndi katswiri. Ku Triple-A oponya amalakwitsa kawirikawiri, pamwamba salakwitsa kwambiri ndipo akangodziwa mpira womwe umakuvuta amakupatsa womwewo mpaka utaphunzira. Ambiri amaphunzira atabwezedwa kaye.

Mickey Mantle anayamba ndi New York Yankees mu 1951 ali ndi zaka 19, zinamuvuta, mu July anamutsitsira ku timu yawo yaing'ono ya ku Kansas City. Kumenekonso masiku oyamba mpira sunkamenyeka, anaimbira bambo ake kuti iye zamukanika akufuna kusiya. Bamboyo, wogwira ntchito m'migodi ku Oklahoma, anayendetsa galimoto mpaka ku hotela, sanamunyengerere, anangotenga sutikesi n'kuyamba kuponyamo zovala za mwana wake kuti tiye kwathu ukalowe mu mgodi ngati ine. Mantle anapempha kuti ayesenso, mu August anabwerera ku New York, ndipo anamaliza ndi ma home run 536 (home run ndi kumenya mpira mpaka kudumpha mpanda n'kugoletsa). Mike Trout naye anakwezedwa ndi Los Angeles Angels mu July 2011, anabwezedwa ku Double-A, chaka chimenecho anamenya .220 pa magemu 40. Sizoni ya 2012 anayambira ku Triple-A ku Salt Lake, anamuitana kumapeto kwa April, ndipo pofika November anali atasankhidwa wosewera watsopano wopambana onse mu American League, limodzi mwa magawo awiri a ligi yaikulu. J.D. Martinez anachita kutayidwa ndi Houston Astros mu March 2014 atangosintha kamenyedwe kake, Detroit inamutola n'kumutumiza ku Toledo, Triple-A yawo, komwe anamenya ma home run 10 pa magemu 17, ndipo pofika 2018 anali katswiri wa Boston Red Sox.

Koma ndisakunamizeni kuti onse amabwerera ngati amenewa. Alipo ambiri omwe Triple-A imawachepera koma ligi yaikulu imawakulira, kumeneko amawatcha osewera a ma A anayi, sitepe yomwe kulibe, ndipo dzinali likakumata ndi lovuta kulichotsa chifukwa umapatsidwa magemu asanu apa, atatu apo, nthawi zambiri kuchokera pa benchi, pomwe munthu amafunika miyezi akusewera tsiku ndi tsiku kuti azolowere.

*Nanga otero amathera kuti?*
Yemwe uja wokonda kufunsa

Ena amawoloka nyanja. Tuffy Rhodes tsiku lotsegulira sizoni ya 1994 anamenya ma home run atatu pa Wrigley Field akusewerera Chicago Cubs, onse kwa Dwight Gooden, koma moyo wake wonse mu ligi yaikulu anamenya 13 okha. Mu 1996 anapita ku Japan ndipo kumeneko anamenya 464, mu 2001 yokha 55 ndi Kintetsu Buffaloes, kufanana ndi mbiri ya Sadaharu Oh, katswiri wakale wa ku Japan. Amene anadzaphwanya mbiriyo mu 2013 ndi ma home run 60, Wladimir Balentien wa ku Curaçao, nayenso anali outfielder yemwe ankakwera ndi kutsika ku Seattle ndi ku Cincinnati. Eric Thames anathera 2013 yonse ku minor league, anapita ku NC Dinos ya ku South Korea, mu 2015 anamenya ma home run 47 n'kuba ma base 40, ndipo Milwaukee Brewers inamubweretsanso ndi kontirakiti ya madola 16 miliyoni. Ena amapita ku Mexico kapena ku Taiwan, ena amakhala makochi m'matimu omwewo ang'onoang'ono.

*Zoona kuti Michael Jordan anasewerapo baseball?*
Wa basketball

Zoona achimwene, mu 1994 ali ndi zaka 31, anali outfielder wa Birmingham Barons, Double-A ya Chicago White Sox. Anasewera magemu 127, anamenya .202, ma home run atatu, anaba ma base 30. Anthu anamuseka koma ine sindiona choseketsa, munthu yemwe anasiya baseball ali ku sekondale kufika n'kumenya .200 pa Double-A ndi zodabwitsa. Ku ligi yaikulu sanafike, mu March 1995 anabwerera ku Chicago Bulls.

*Akulu, pa nkhani zonse za anthu okwera ndi kutsikawa, ndi iti yomwe inu simuiiwala?*
Wowerenga wanu wa nthawi zonse

Ya Adam Greenberg. Pa 9 July 2005 Chicago Cubs inali ku Miami kusewera ndi Marlins, iye atangokwezedwa kumene kuchokera ku Double-A ali ndi zaka 24, abale ake ali m'bwalo kudzaonera. Mu inning yomaliza, chigawo chomaliza cha gemu, kochi anamutuma kuti akamenye. Mpira woyamba weniweni womwe anaponyeredwa mu ligi yaikulu, wa liwiro la makilomita pafupifupi 148 pa ola kuchokera kwa Valerio de los Santos, unamumenya kumbuyo kwa mutu, anagwa pansi atagwira mutu ndi manja onse awiri. Woponyayo sanachite dala. Kuchokera pamenepo Greenberg ankavutika ndi chizungulire ndi maso, pena kungowerama kuti amange nsapato mutu unkayamba kuzungulira, Cubs inamubwezera ku minor league ndipo chaka chotsatira inamusiya. Anayesa m'matimu ang'onoang'ono a Dodgers, Royals ndi Angels, kenako zaka zingapo ku Bridgeport mu ligi yoima payokha, foni osaliranso.

Mu 2012 okonda masewera anasonkhanitsa masiginecha masauzande ambiri kupempha kuti apatsidwe mwayi womenya kamodzi kokha, poti pa malamulo owerengera kumenyedwa ndi mpira sikuwerengedwa ngati ulendo womenya. Marlins, timu yomwe ija, inamupatsa kontirakiti ya tsiku limodzi. Pa 2 October 2012 ali ndi zaka 31 anatuluka pa benchi kukakumana ndi R.A. Dickey wa New York Mets, yemwe chaka chimenecho anapata mphoto ya Cy Young ya woponya wopambana onse mu National League, gawo lina la ligi yaikulu, munthu wa mpira uja umabwera osazungulira n'kumavina m'malere. Dickey ananeneratu kuti amuponyera ngati wosewera wina aliyense wa ligi yaikulu, ndipo anaterodi. Mpira woyamba Greenberg anangouyang'ana, wachiwiri anaphonya, wachitatu anaphonyanso. Akubwerera ku benchi bwalo lonse linali chiimire kuwomba m'manja, anzake akumukumbatira mmodzimmodzi, iye akumwetulira.